Feteleza ndi mtundu wa mbewu: chimene chimakweza kapena kutsitsa zokolola za nyemba

Mukafunsa anthu atatu odziwa zaulimi kuti nyemba zimafuna feteleza wochuluka bwanji, musadabwe mukamva mayankho atatu. Wina anena kuti nyemba sizilira feteleza chifukwa zimadzipangira zokha chakudya m'mizu. Wina anena matumba awiri pa hekitala. Wachitatu anena kuti feteleza n'kungotaya ndalama ngati mbewu yake ndi yachikale. Aliyense mwa atatuwa ali ndi mbali imene akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi imasokoneza alimi ambiri. Funso la kuchuluka kwa feteleza silingayankhidwe palokha. Limadalira mtundu wa nyemba umene wabzalidwa, ndi nthaka imene mbewuyo yagweramo.

Nyemba zimene tikunena pano ndi zija akatswiri amazitcha Phaseolus vulgaris, zimene pa malonda a pakati pa mayiko zimadziwikanso kuti haricot, makamaka zoyera zing'onozing'ono. Zofiira, zamawangamawanga, zakuda ndi zachikasu zonse ndi za banja lomwelo.

Zokolola zimachokera pati

Kulemera kwa nyemba zimene mlimi amapeza pa hekitala kumachokera pa zinthu zinayi zochulukitsana: kuchuluka kwa mbewu zimene zamera ndi kukhazikika, makoko pa tsinde lililonse, njere m'khoko lililonse, ndi kulemera kwa njere imodzi. Tiyeni tiwerengere. Mukabzala mizere yotalikirana masentimita 40, mbewu n'kumatalikirana masentimita 10 mumzere, hekitala imodzi imalowa mbewu 250,000. Tsinde lililonse likabereka makoko 10, khoko lililonse njere 4, ndipo njere iliyonse n'kulemera magalamu 0.2, mwakolola makilogalamu 2,000. Makoko akatsika kufika 5 pa tsinde, zina zonse zili chimodzimodzi, mwatsala ndi makilogalamu 1,000.

Pa zinthu zinayizi, kukula kwa njere kumatsatira kwambiri mtundu wa mbewu; feteleza amangokusuntha pang'ono. Chimene chimasinthasintha kwambiri malinga ndi chakudya cha m'nthaka ndi kuchuluka kwa makoko. Nyemba zimachita maluwa ambiri kuposa amene zingathe kuwalera, ndipo tsinde likaona kuti chakudya kapena madzi zachepa, limayoyola maluwa ndi timakoko tanthete. Choncho feteleza akagwira ntchito pa nyemba, mumaonera pa makoko amene akhalitsa pa tsinde mpaka kukhwima, osati pa kubiriwira kwa masamba.

Nayitirojeni: nyemba zimadzipangira, koma osati wokwanira

Mpweya umene timapuma, magawo 78 pa 100 ndi nayitirojeni, koma zomera sizingamutenge mwachindunji. Mbewu za gulu la nyemba zili ndi njira yake. Mabakiteriya otchedwa Rhizobium amalowa m'mizu n'kupanga timibulu, ndipo m'timibulumo amasandutsa nayitirojeni wa mumpweya kukhala chakudya cha mbewu. Mbewuyo imawalipira ndi shuga wochokera m'masamba. Izi anazitsimikizira akatswiri a ku Germany, Hermann Hellriegel ndi Hermann Wilfarth, m'zaka za m'ma 1880.

Mungazionere nokha. Nyemba zikayamba kuchita maluwa, kumbani tsinde limodzi ndi dothi lake, osazula mokoka chifukwa timibulu timathothoka. Tsukani mizu m'madzi, kenako phwanyani kambulu kamodzi ndi chikhadabo. Kakakhala kofiirira mkati, ndiye kuti ntchito ikuyenda. Kakakhala koyera, mwina sikanayambe kapena mabakiteriya ake ndi opanda mphamvu. Kobiriwira kapena kodera ndi kotha ntchito.

Apa ndi pamene pamachokera mawu oti nyemba sizifuna feteleza. Koma poyerekeza ndi soya, nyemba ndi zofooka pa ntchito imeneyi. Zimakhala m'munda nthawi yochepa, zimalandira mabakiteriya amitundumitundu opezeka m'nthaka kuphatikizapo osathandiza kwenikweni, ndipo timibulu take timafooka msanga kukatentha, kukauma, kapena nthaka ikakhala ya asidi. Chikhalirecho njere za nyemba zili ndi mapuloteni oposa magawo 20 pa 100, zimene zikutanthauza kuti tani imodzi ya nyemba imachoka m'munda ndi makilogalamu pafupifupi 35 a nayitirojeni. Ameneyu ayenera kuchokera kwinakwake.

Palinso kanthawi kovuta kumayambiriro. Chakudya cha m'njere chimatha timibulu tisanayambe ntchito, ndipo m'nthaka yoguga mbewu zimayamba kuyezuka zikadali zazing'ono. N'chifukwa chake malangizo ambiri amalola nayitirojeni wochepa pobzala, makilogalamu 20 mpaka 30 pa hekitala, wongoyambitsira. Mukapyola kwambiri pamenepo, zinthu zimatembenuka. Mbewu ikapeza nayitirojeni wambiri m'nthaka imasiya kulera mabakiteriya, timibulu timachepa, masamba amachuluka, maluwa amachedwa, ndipo munda wothithikana umasunga chinyezi chimene matenda amachikonda. Mlimi amakhala wagula ndi ndalama chinthu chimene mbewuyo ikanapeza yokha, n'kuonjezerapo vuto.

Njira ina ndi kupaka mbewu mabakiteriya osankhidwa musanabzale, amene amagulitsidwa m'timapaketi ndi dzina loti inokyulanti. Mtundu wodziwika kwambiri wa nyemba ndi Rhizobium tropici CIAT 899, umene umapirira asidi ndi kutentha. Pa nyemba zotsatira zake zimasiyana munda ndi munda, chifukwa mabakiteriya atsopanowo amalimbirana malo ndi akale a m'nthakamo. Inokyulanti wa soya sagwira pa nyemba.

Fosiforasi, ndi manambala a pa thumba

Ndikanati ndisankhe mchere umodzi wa m'nthaka umene umabweza m'mbuyo nyemba m'minda yambiri ya m'mayiko otentha, ndikanatchula fosiforasi. Ndiye amakulitsa mizu, ndiye amanyamula mphamvu mkati mwa mbewu, ndipo timibulu tija timamufuna wambiri. Nyemba zosowa fosiforasi zimalepheranso kudzipangira nayitirojeni, ndiye mlimi akaona masamba otumbululuka amathamangira urea pamene njala yeniyeni ili pena. Zizindikiro za kusowa kwa fosiforasi sizionekera patali: mbewu zimangokhala zopinimbira, masamba aang'ono obiriwira moderako, nthambi zochepa, maluwa ochedwa.

Fosiforasi sayendayenda m'nthaka. Pamene mwamuika ndi pamene amakhala, ndipo muzu uyenera kumupeza. M'nthaka yofiira ya asidi amamatirira ku ayironi ndi aluminiyamu, mbewu n'kumangopeza kachigawo kochepa ka amene mwathira m'chaka choyamba. Choncho amathiridwa pobzala, pafupi ndi mzere wa mbewu. Kumuwaza pamwamba mbewu zitakula kale kumathandiza pang'ono kwambiri.

Manambala atatu olembedwa pa thumba amaimira nayitirojeni, fosiforasi ndi potaziyamu pa makilogalamu 100 alionse a fetelezayo. Feteleza wa DAP ndi 18-46-0, wa TSP ndi 0-46-0, ndipo urea ali ndi nayitirojeni yekha, magawo 46 pa 100. Pali msampha umodzi pa nambala yapakati. Siinena fosiforasi weniweni, imanena mtundu wake wolembedwa kuti P2O5, umene fosiforasi weniweni ndi magawo pafupifupi 44 pa 100 okha. Thumba la makilogalamu 50 la DAP lili ndi makilogalamu 9 a nayitirojeni ndi 23 a P2O5, amene ndi makilogalamu 10 a fosiforasi weniweni. Ndiye malangizo akati makilogalamu 20 a fosiforasi pa hekitala, amenewo ndi matumba awiri a DAP. Akati makilogalamu 20 a P2O5, ndi thumba limodzi losadzaza. Anthu awiri angatsutsane tsiku lonse pa nambala 20 yomweyo asakudziwa kuti akunena miyezo iwiri yosiyana.

Potaziyamu, salifa ndi zinki nazonso zimafunika, ndipo m'minda imene yalimidwa zaka zambiri ndi DAP ndi urea basi, kusowa kwake kumayamba kuonekera. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene dziko la Ethiopia, lomwe limalima ndi kugulitsa kunja nyemba zoyera zambiri, linayambira kugwiritsa ntchito feteleza wa NPS wokhala ndi salifa m'malo mwa DAP.

Thumba lachitatu silibweza ngati loyamba

Pali malamulo awiri akale amene amafotokoza mmene mbewu zimayankhira feteleza. Loyamba linayamba ndi Carl Sprengel mu 1828, n'kutchuka kudzera mwa Justus von Liebig: zokolola zimalekezera pa chinthu chimene chasowa kwambiri. Ganizirani ndowa yobooka m'mbali malo angapo. Ngakhale muthiremo madzi ochuluka motani, amalekezera pa bowo la m'munsi kwambiri. Mukatseka limenelo, madzi amakwera kufika pa bowo lotsatira. M'munda wa nyemba bowo la m'munsi lingakhale fosiforasi, asidi, chilala, matenda, kapena mbewu yeniyeniyo. Kuonjezera nayitirojeni pamene chosowa ndi fosiforasi n'kutseka bowo la pamwamba.

Lachiwiri analifotokoza Eilhard Mitscherlich mu 1909: feteleza woyamba amabweretsa phindu lalikulu, woonjezera aliyense amabweretsa locheperachepera, mpaka pamene kuonjezera sikusinthanso kanthu.

Apa ndi pamene mlimi ndi wofufuza amasiyana zofuna. Tingoyerekeza, ndi manambala ongofotokozera, kuti mtengo wa thumba limodzi ukufanana ndi makilogalamu 100 a nyemba. Thumba loyamba laonjezera makilogalamu 400, lachiwiri 200, lachitatu 80. Zokolola zambiri zedi zili pa matumba atatu, ndipo pa tebulo la wofufuza ndi pamene padzaoneke nambala yaikulu. Koma thumba lachitatulo ladya makilogalamu 100 n'kubweza 80. Mlimi wakolola zambiri, m'thumba mwake mwachepa. Alangizi ambiri amagwiritsa ntchito muyezo woti feteleza azibweza kuwirikiza kawiri mtengo wake kuti mlimi wodalira mvula asaluze chaka chikavuta, ndipo pa muyezo umenewu ngakhale thumba lachiwiri lili m'malire. Mtengo wa feteleza ukakwera kapena wa nyemba ukatsika, mulingo woyenera umasuntha ngakhale nthaka ili yomweyo. Kwa amene ali ndi feteleza wochepa, lamuloli likunenanso kuti kugawa pang'onopang'ono munda wonse kumabweza zambiri kuposa kuunjika pa kachigawo kamodzi.

Nyemba si zofanana

Nyemba zinayamba kulimidwa m'madera awiri a ku America: ku Mexico ndi mayiko oyandikana nalo, komanso kumapiri a Andes. Mpaka lero mitundu yake imatsata mizere iwiriyi. Za ku Mexico zambiri ndi za njere zazing'ono, zosafika magalamu 25 pa njere 100. Za ku Andes ndi za njere zikuluzikulu, zambiri zopitirira magalamu 40 pa njere 100. Kawirikawiri za njere zazing'ono zimabereka makoko ambiri, ndipo m'madera ofunda zimapambana pa kulemera kwa zokolola. Zikuluzikulu zimafunanso mbewu yambiri pobzala: njere 250,000 za magalamu 0.2 ndi makilogalamu 50, koma za magalamu 0.45 zimapitirira makilogalamu 110.

Bungwe lofufuza la CIAT, limene linakhazikitsidwa pafupi ndi Cali ku Colombia, linagawa nyemba m'magulu anayi malinga ndi kakulidwe. Gulu loyamba ndi zazifupi zimene tsinde lake limathera pa duwa. Zimachita maluwa nthawi imodzi, zimakhwima msanga ndiponso pamodzi. Lachiwiri ndi zoimirira koma zopitiriza kukula zikuchita maluwa. Lachitatu ndi zoyala pansi. Lachinayi ndi zoyanga, zofuna mitengo yokwerapo.

Kusiyanaku kumakhudza feteleza mwachindunji. Nyemba zazifupi zocha msanga zili ndi masiku ochepa opangira timibulu ndi kusonkhanitsa chakudya, choncho zimadalira kwambiri chimene zapeza m'nthaka masabata oyamba, ndipo ng'amba ikagwa pa nthawi ya maluwa zilibe mwayi wachiwiri. Zopitiriza kukula zimatha kuphukiranso maluwa mvula ikabwerera, koma zikapatsidwa nayitirojeni wambiri zimathamangira masamba n'kugona pansi, makoko n'kuwolera m'dothi. Zoyanga zimakhala nthawi yaitali, zimadzipangira nayitirojeni wochulukirapo, ndipo pa malo ofanana zimatha kubereka kuwirikiza kawiri kapena katatu kuposa zazifupi, n'chifukwa chake zinafala kwambiri ku Rwanda kumene minda ndi yaing'ono. Koma zimafuna nthaka yachonde, mvula yotalika, mitengo ndi ntchito yambiri.

Kusiyana kwina kuli pansi pa nthaka, kumene wogula mbewu sakuona. Kafukufuku wa Jonathan Lynch ndi anzake ku Pennsylvania State University anaonetsa kuti mitundu imene mizu yake imayala chapamwamba ndiponso ili ndi tiubweya tambiri totalika imapeza fosiforasi wochuluka, chifukwa fosiforasi amakhala m'dothi la pamwamba. Vuto ndi loti madzi nthawi ya chilala amakhala pansi. Mtundu wa mizu yoyala umapambana m'nthaka yosowa fosiforasi, wa mizu yozama umapambana mvula ikadula. Opanga mbewu akuyesetsa kuphatikiza ziwirizi mu mtundu umodzi, ndipo si ntchito yapafupi.

Ndiye pali matenda. Chiwawu cha masamba, dzimbiri, zilonda zakuda za pa makoko, kuwola kwa mizu, ndi matenda opiringiza masamba ofalitsidwa ndi nsabwe, onsewa amadula masamba amene akanasandutsa feteleza kukhala njere. Mtundu wosapirira matenda ofala m'dera lanu ungadye feteleza yense, masamba n'kuyoyoka makoko asanadzaze. Angapo mwa matendawa amayenda m'njere, kotero ngakhale nyemba zimadziberekera zokha ndipo mbewu yosunga siisintha mtundu ngati chimanga cha haibulidi, kubwereza mbewu yochokera m'munda wodwala n'kubzala matenda pamodzi ndi mbewu.

Pamene ziwirizi zikumana

Ofufuza akamayesa mitundu ingapo ya nyemba pa milingo ingapo ya feteleza, chimene amachiyang'anitsitsa n'chakuti kodi mitundu yonse ikukwera mofanana kapena ayi. Nthawi zambiri siikwera mofanana. Pali mtundu umene popanda feteleza umachita bwinoko kuposa inzake, koma ukathiridwa umangokwera pang'ono. Pali wina umene popanda feteleza ndi womvetsa chisoni, koma ukadya umasiya yonse m'mbuyo. Pali wochita bwino konsekonse, umene aliyense amaufuna, ndi wina wolephera konsekonse.

Tanthauzo lake ndi lakuti mtundu wopambana pa matumba awiri ungakhale wachitatu popanda feteleza. Mlimi amene alibe ndalama ya feteleza akagula mbewu imene inapambana pa siteshoni yofufuzira, pa nthaka yothiridwa bwino ndi kupaliridwa pa nthawi, angakhumudwe n'kunena kuti mbewu zatsopano n'zabodza. Mnzake amene wathira matumba awiri pa mbewu yosayankha feteleza anganene kuti nyemba sizimva feteleza. Onse awiri aona zoona m'minda yawo, koma aliyense wagwira theka la nkhani. Ine ndimaona kuti kulengeza mtundu watsopano popanda kunena mmene umachitira pa feteleza wochepa n'kusamuuza mlimi chinthu chimene akuchifuna kwambiri, chifukwa minda yambiri ya alimi ang'onoang'ono mu Africa, imene zokolola zake sizifika tani imodzi pa hekitala, ndi ya feteleza wochepa kapena wopanda n'komwe.

Ndipo kulemera si zonse. Mtundu wobereka kwambiri koma wa maonekedwe amene ogula sawafuna, kapena wochedwa kupsa pamoto, ungabweretse ndalama zochepa kuposa wobereka pang'ono wokondedwa. Mafakitale oika nyemba m'zitini amafuna njere za msinkhu ndi khungu linalake. Izi zimalowa m'chiwerengero cha phindu la feteleza, popeza mtengo wa kilogalamu ndi umene umanena ngati thumba lachiwiri likubweza.

Nthaka, madzi ndi kathiridwe

Nyemba zimakonda nthaka ya pH pakati pa 6 ndi 7. pH ndi muyezo wa asidi, ndipo nambala ikamatsika ndiye kuti asidi akuchuluka. Ikatsika pansi pa 5.5, aluminiyamu amasungunuka n'kuwotcha nsonga za mizu, mizu imakhala yaifupi yonenepa, mabakiteriya amavutika, fosiforasi amamangika. M'munda wotere laimu, wothiridwa ndi kusakanizidwa ndi dothi masabata angapo musanabzale, angachite zambiri kuposa thumba lina la feteleza. Manyowa owola bwino amathandizanso, ndipo pa dothi loguga kwambiri kapena lamchenga feteleza amayamba kuoneka ntchito yake akaphatikizidwa ndi manyowa.

Feteleza sagwira m'dothi louma. Nthawi yoopsa ndi ya maluwa ndi kudzaza makoko; madzi akasowa apo, kapena masana kukapitirira madigiri 30 ndi usiku kupitirira 20, maluwa amayoyoka ngakhale chakudya chilipo. Madzi akachuluka n'kuima m'munda masiku ochepa okha, mizu ya nyemba imabanika.

Kathiridwe kamaononga minda yambiri mwakachetechete. Njere ya nyemba siipirira kukhudzana ndi feteleza. DAP kapena urea akagona phando limodzi ndi mbewu, mchere wake ndi mpweya wa amoniya zimawotcha kamuzu kongotuluka kumene. Mukakumba pamene sipanamere mumapeza njere yofufuma, kamuzu kofiirira kopsa kunsonga. Mlimi amati mbewu inali yowola, pamene yapsa. Mbewu zikachepa m'munda, nambala yoyamba ija ya zinayi yagwa kale. Feteleza aikidwe pafupifupi masentimita 5 pambali pa mbewu ndi masentimita 5 kunsi kwake, dothi lili pakati.

Kuwerenga zotsatira, ndi kudziyesera

Mukamva kuti kafukufuku wapeza mulingo wakuti ndi mtundu wakuti kukhala zopambana, funsani kuti anachitira pa nthaka yotani, kwa nyengo zingati, ndi pa malo angati. Zotsatira za malo amodzi chaka chimodzi zimanena za malowo chaka chimenecho. Onani ngati panali ndime yosathira feteleza yofananitsira, ngati ndime iliyonse inabwerezedwa kangapo, ndiponso ngati mulingo wopambanawo unali waukulu pa yonse imene anayesa. Ngati ndi choncho, malire enieni sanawapeze. Onaninso ngati anawerengera phindu kapena makilogalamu okha.

Kupimitsa dothi ndi njira yachidule yodziwira pH ndi fosiforasi wa m'munda mwanu, ndipo alangizi a zaulimi angakuuzeni kumene amapima. Kumene zimenezi n'zovuta, munda womwewo ungayankhe. Sankhani malo ofanana chonde, bzalani mitundu iwiri, umene munazolowera ndi watsopano, uliwonse m'timagawo titatu tofanana kukula: kopanda feteleza, ka theka la mulingo wolangizidwa, ndi ka mulingo wonse. Bwerezani dongosolo lomweli mbali ina ya munda kuti chulu chakale kapena potsetsereka pasakunamizeni. Bzalani tsiku limodzi, palirani tsiku limodzi, ndipo pokolola siyani mizere ya m'mphepete. Umitsani nyemba za kagawo kalikonse pazokha, muziyeze pa sikelo zitauma mofanana, n'kulemba pambali pake feteleza amene analowapo ndi mmene mvula inagwera. Chaka chotsatira chitaninso, chifukwa mtundu umene wapambana mvula itachuluka ungagonje chaka cha ng'amba.